Lachitatu la chifunga, kuno ku Lizulu

Kwacha ndi chifunga chija choti nyumba yoyandikana nayo osaiona. Magetsi chizimireni dzulo, foni yanga inali itatsala pang'ono kuzima, ndiye ndinathamangira nayo kometera tsitsi kumsika, komwe ali ndi sola. Nditaitsegula, pa gulu lathu la ophunzira la WhatsApp mauthenga anali mbwee, koma wofunika unali umodzi: asayimenti ya matenda a mbewu ilowe lero pa Moodle, tsamba la pa intaneti lomwe timatumizirapo ntchito za kusukulu, 12 koloko usiku isanakwane.

Ndimaphunzira zaulimi ku yunivesite ya LUANAR ndili kwathu konkuno, kudzera pa ODL, njira yophunzirira uli kutali ndi sukulu. Laputopu ndilibe. Manotsi a PDF, mafunso kwa aphunzitsi, zokambirana za pagulu, zonse zimadzera pa kafoni kong'aluka galasika. Kuno tili m'malire, moti nthawi zina foni imakoka netiweki ya ku Mozambique. Ndikafuna kutumiza chinthu cholemera ndimakwera pachulu cha kuseri kwa khola.

Masana ndinakakamira pa funso la chiwawu cha kachewere. Dzina lake la m'buku ndimalidziwa, Phytophthora infestans, ndipo ndinaloweza kuti chimakonda chinyezi ndi kuzizira. Koma kuti ndifotokoze mmene chimayambira m'munda, mawu anandithera. Amayi anali pakhonde akusankha kachewere wa mawa kumsika. Amvekere, "Iwe, tsiku lonse maso pafoni, kodi sukuluyo ili momwemo?" Ndinawauza chimene chandivuta. Sanayankhe, anangonditenga kupita kumunda. Anatembenuza tsamba limodzi, kundionetsa kadontho kabulauni konyowa m'mphepete, kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati ufa. "Chifunga chikagona masiku atatu chonchi, uziyang'ana kunsi kwa tsamba m'mawa. Ukadikira kuti uone pamwamba, munda wapita."

Ndinajambula tsambalo, ndinawajambulanso mawu, n'kuponya pagulu. Mnzathu wa ku Karonga, kumene amalima mpunga, analemba kuti aka n'koyamba kuchiona chiwawu chisanawononge munda. Wina anapempha kuti amayi afotokozenso za kukwezera mizere. Anafotokoza, akuchita manyazi, atagwira foni ndi manja onse awiri. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndalama ya bandulo imeneyi anandipatsa ndi iwowo, ya ndowa ya kachewere yomwe anagulitsa dzana.

Asayimenti yalowa cha m'ma 10 koloko, ndili pachulu, nditafunda chitenje chawo. Pobwera ndinawapeza asanagone. Anangofunsa kuti, "Mwana wa ku Karonga uja wamvetsa?"