Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Mazenera a ku Prague

M'zaka za m'ma 1990, pamene ndinkaphunzira ku Prague, likulu la dziko la Czech, ndinkachita lendi kwa mayi wina wachikulire amene anapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo iwo ndiwo anandidziwitsa kuti mikangano ikuluikulu ya dziko lawo inkayambira pazenera.

Pa 30 Julayi 1419, otsatira a Jan Hus, mlaliki amene anamuwotcha ku Constance mu 1415, anaguba m'misewu motsogozedwa ndi wansembe Jan Želivský, kufuna kuti anzawo amene anali m'ndende amasulidwe. Atafika kunyumba ya khonsolo analowa mwamphamvu ndi kuponya makhansala pazenera, ndipo khamu limene linali pansi linawatsiriza. Nkhondo zimene zinatsatira zinatha mu 1434.

Nkhani imene mayiwo ankaifotokoza mwatsatanetsatane ndi ya pa 23 Meyi 1618. Mu 1609 mfumu Rudolf II inali italemba kalata yopatsa Apulotesitanti a ku Bohemia, dera limene kuli Prague, ufulu wopembedza, koma pambuyo pake tchalitchi chawo cha ku Broumov chinatsekedwa, cha ku Hrob n'kugumulidwa. Akuluakulu a Chipulotesitanti, motsogozedwa ndi Jindřich Matyáš Thurn, anakwera kunyumba yachifumu, nazenga mlandu nduna ziwiri za Chikatolika, Vilém Slavata ndi Jaroslav Bořita wa ku Martinice, kenako anaziponya pazenera pamodzi ndi mlembi Filip Fabricius. Atatu onsewo anapulumuka. Akatolika anati angelo anawawakha m'malere, pamene Apulotesitanti anati anagwera pamulu wa zinyalala. Tsiku limene ndinalowa m'chipindacho ndi kusuzumira pansi, pomwe pali zipilala zokumbukira malo amene anagwera, miyendo inandinjenjemera, ndipo ndinavutika kumvetsa kuti anthu ophunzira, odziwa malamulo, anatha kunyamula mnzawo akufuula mpaka pamenepo. Kachitidweko kanabala nkhondo imene inasakaza Ulaya kwa zaka 30 mpaka 1648, ndipo atsogoleri 27 a kuukirako anaphedwa poyera pa 21 Juni 1621 pabwalo lalikulu la mzinda, pomwe lero pali mitanda 27 pamiyala yoyendapo.

Oponya a mu 1419 ndi a mu 1618 anachita zimenezi masana, anthu akuona, chifukwa ankafuna kuti mzinda wonse udziwe kuti achotsa olamulira amene anaphwanya pangano. Sindivomereza nkhanza zawo, koma sanabise dzanja lawo. Za Jan Masaryk zinali zina. Iye anali nduna yoona za maiko akunja komanso mwana wa pulezidenti woyamba wa Czechoslovakia (dzina la dzikolo panthawiyo), ndipo m'mawa wa pa 10 Malichi 1948, patangopita milungu iwiri chipani cha chikomyunizimu chitalanda boma, anamupeza atafa pansi pa zenera la kubafa kunyumba ya unduna wake. Boma linalengeza kuti anadzipha.

"Mwana wanga, kwa zaka makumi anayi ndinaphunzitsa ana osatchula mmene munthuyu anafera," anandiuza motero mayiwo, "ngakhale kuti m'nyumba iliyonse anthu ankanong'onezana."

Apa ndipo ndinayamba kuwafotokozera za kwathu, za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene mitembo yawo inapezeka ku Mwanza mu Meyi 1983, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Ndinawauza mmene makolo athu ankatsitsira mawu nkhaniyi ikayambika, kufikira pamene kafukufuku wochitika dziko litalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994 anaonetsa kuti anthuwo anachita kuphedwa. Mayiwo anandipempha kuti ndiwalembere mayina anayiwo papepala, ndipo anawawerenga mokweza mpaka anatha kuwatchula bwino. Mu 2004, ine nditabwerera kale kumudzi, apolisi a ku Prague ananena kuti Masaryk anachita kuponyedwa, koma amene anamuponya sanadziwike.