Kuphunzitsa Chingerezi ku Lichinga: nkhani ya mapepala

Aphunzitsi anzanga kuno ku Mangochi akhala akundifunsa momwe ndinalowera ntchito ku Lichinga, m'dziko la Mozambique, ngati kuti ndi nkhani yongokwera minibasi mpaka pa Chiponde n'kuwolokera ku Mandimba basi. Kuwolokako n'kosavutadi, Mmalawi amamudindira masiku 30 popanda viza. Koma chidindo chimenecho ndi cha mlendo wodzacheza, sichikulola kugwira choko.

Viza ya ntchito mumaitengera konkuno ku Malawi, ku ofesi ya kazembe wa Mozambique, mutanyamula kontrakiti ya sukulu yokulembaniyo. Yambani ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, chifukwa amayamba akudindani zala ndipo situluka tsiku lomwelo. Satifiketi yanga ya uphunzitsi inafunikanso kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Chipwitikizi changa chogulira matemba sichikanalowa pamenepo.

Ine nditafika uko, chotsatira chinali DIRE, chiphaso cha mlendo wokhala m'dzikomo. Apolisi apamsewu amachifunsa, kubanki amachifunanso. Changa chimagona m'kajumbo limodzi ndi pasipoti, mafotokope ali m'chikwama china. Tsiku lake lothera muziliyang'anitsitsa ndipo mapepala ochikonzetsanso muziyamba kusonkhanitsa nthawi ikadalipo, poti mukachedwa pali chindapusa.