Lachitatu lotentha ndi nkhani ya ku Antarctica

Dzuwa la Okutobala linawomba modetsa nkhawa lero, mwakuti ophunzira anga a Fomu 4 anali kuwodzera pa phunziro la fizikisi. Nditaweruka ndinakakhala pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kuti mphepo ya mu Shire indipepese, ndipo ndili pomwepo mwana wa mlongo wanga, amene akuchita digiri yachiwiri ku Cape Town, anandiimbira foni.

"Malume, ndikufuna kafukufuku wanga akhale wa ku Antarctica," anatero. Ndinaseka kaye, poti Antarctica ndi chigawo chozizira kwambiri cha kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, pomwe mnyamatayu amavala juzi ngakhale mwera ukangowomba pang'ono.

Anandifotokozera za SANAE IV, siteshoni ya kafukufuku ya dziko la South Africa ku Antarctica yomwe inamangidwa pathanthwe la Vesleskarvet. Sitima ya S.A. Agulhas II imanyamuka ku Cape Town mu Disembala, ndipo gulu la anthu pafupifupi khumi limatsala kumeneko kwa nthawi yopitirira chaka, kuphatikizapo masabata amene dzuwa silituluka n'komwe. Chimene chinandikhudza n'chakuti pagululo si onse amene ali asayansi, chifukwa pamakhala dokotala, amakaniki a majenereta a dizilo ndi mainjiniya amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti makina oyeza nyengo ndi mphamvu ya maginito ya dziko asaime tsiku ngakhale limodzi.

Ndinamuchenjeza kuti mipata yotere kawirikawiri imapita kwa nzika za dziko limene lili ndi siteshoniyo, ndipo mwa mayiko 12 amene anasaina pangano la Antarctica mu 1959, South Africa ndi lokhalo la mu Africa. Iye anavomera, koma anati njira yake ndi kulowa m'gulu la pulofesa amene amasanthula manambala ochokera kumeneko, kaya adzapondako kaya ayi.

Apa ndinagwirizana naye ndi mtima wonse. Kuchepa kwa mpweya wa ozoni (umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa) pamwamba pa Antarctica kunalengezedwa mu 1985 chifukwa asayansi a ku Britain pa siteshoni ya Halley anakhala akuyeza chinthu chimodzimodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950 osatopa. Ntchitoyo sisiyana kwenikweni ndi ya munthu amene amalemba mlingo wa madzi a nyanja yathu m'mawa uliwonse, kungoti uyu amatuluka thukuta.

Usiku uno ndasintha phunziro la mawa. Ana adzayeza kutentha kwa pabwalo ola lililonse ndi themomita imodzi yomwe tili nayo, n'kulemba m'makope awo.