Sabata ya mvula pabwalo la gofu

Mvula ya usiku wa Lamulungu inatsika m'mapiri a Chipata ndi dothi lofiira, ndiye Lolemba makina onse anagona m'shedi. Mu Januwale ndi Febuluwale lamulo lathu ife osamalira bwalo ndi ili: ukaponda pa green (kapinga wosalala wozungulira bowo lolowetsamo mpira) madzi n'kutumphuka m'mbali mwa nsapato, pamenepo gudumu silifika. Kapinga saopa mvula. Chomwe chimamupha ndi dothi lotsenderezedwa lili lonyowa. Timipata ta mpweya timatsekeka, mizu siilowanso pansi, ndipo bala lake limadzaonekera mu Okutobala, malowo akayamba kupserera pomwe ena akadali obiriwira. Tsikulo linathera m'ngalande, kuvuula zinyalala ndi fosholo kuyambira kumunsi kukwera kumtunda, kuti madzi apeze kolowera.

Lachiwiri tinagwira ma bunker, maenje a mchenga a m'bwalo. Madzi amakokolola mchenga wa m'mbali n'kusiya matope pansi. Wophuma amangothamangira reki, osadziwa kuti akusakaniza matope ndi mchenga wabwino, ndipo zikauma zimalimba ngati chulu. Matopewo amafuna aphwe kaye, uwapale pamwamba pokha, uwatulutse pa wilibala, kenako ubweze mchenga: masentimita 10 pansi, 5 m'mbali.

Dzuwa linaoneka Lachitatu. Tisanatchetche tinakwapula mame ndi nsungwi yaitali. Tsamba lokhalitsa ndi madzi ndilo limagwidwa matenda a timadontho tofiirira, komanso nsungwiyo imamwaza timilu ta nyongolotsi tomwe makina akanatipaka pa udzu. Mpeni wa makina otchetchera tinaukweza kuchoka pa mamilimita 4 kufika pa 6. Osewera amadandaula kuti mpira ukuyenda mwaulesi, koma ukatsitsa mpeniwo pa dothi lofewa makina amatitimira n'kumeta mpala. Pomwe madzi amadikha tinabaya ndi foloko ya m'munda, masentimita 10 kuya kwake, n'kuizula chowongoka osatembenuza dothi. Feteleza wa urea sitinathire, kuthira mitambo ili chonchi n'kudyetsa mtsinje.

Lachinayi tinasuntha mabowo kupita kumalo okwera a green iliyonse, kufupi ndi kotulukira anthu. Bowo ndi la mamilimita 108, ndipo kapu yake, yomwe imaikidwa m'kati mwa bowolo, imakhala mamilimita 25 pansi pa udzu kuti mlomo usagumuke. Tinamanganso zingwe pomwe matrole onyamulira ndodo amapanikizana pochoka pa tee, malo oyambira kumenya mpira. Chikwangwani anthu sawerenga, koma chingwe amachizungulira.

Ntchito yeniyeni ili pa anthu, ndipo khomo lake ndi ma caddie, onyamula ndodo za osewera, chifukwa ndiwo amayenda ndi osewera. Lachisanu tinakhala nawo pansi pa mtengo. Mpira ukagwa pa green yonyowa umasiya kadzenje. Kukonza kwake ndi kubaya foloko yaing'ono m'mphepete, kukankhira udzu m'kati mozungulira, kenako kusalaza ndi putter, ndodo yokankhira mpira m'bowo. Ambiri amanyamula pakati, mizu n'kuduka, pakapita masiku pamaoneka kachipsera kosachira msanga. Chibuma chomwe ndodo yazula pa fairway, kapinga wa pakati pa tee ndi green, chibwezedwe pomwepo n'kupondedwa.

Tinawakumbutsanso zomwe malamulo a gofu amalola, poti ena amamenya ali m'thope poganiza kuti palibe chochita. Lamulo 16.1 limati mpira ukakhala m'madzi a mvula odikha, kapena mapazi ako ali m'madzimo, upeze malo ouma apafupi osayandikira bowo, uwugwetse m'kati mwa utali wa ndodo imodzi popanda chilango. Kuyambira 2019 umagwetsa kuchokera pa bondo, osati paphewa. Mpira wolowa m'dothi pomwe wagwera, kunja kwa bunker ndi malo a chilango (monga madamu ndi mitsinje), nawonso umazulidwa ulere pa Lamulo 16.3. Caddie akati, "Abwana, apa muli ndi ufulu wosuntha," wosewera amakondwa, udzu n'kupulumuka. Akangoti "musamenyere apo" pamabuka mkangano.

Loweruka kunali mpikisano. Cha m'ma 2 koloko kunachita mdima wa mvula, kugunda kunamveka, ndipo tinaliza sairini kamodzi motalika, kutanthauza kusiya pomwepo, osamaliza bowo. Panali awiri omwe anabisala pansi pa mtengo atagwira ndodo zachitsulo; tinawatumira galimoto. Timadikira mphindi 30 chichitikireni kugunda komaliza, ndipo kukagundanso timayambiranso kuwerenga. Titayendera ma green, atatu anali ndi madzi mozungulira bowo. Awiri tinawakoka ndi sikwiji (chokankhira madzi), green yachitatu inakana, choncho komiti inaimitsa masewero mpaka mawa lake.