Sabata yanga ngati first officer, mkati mwa dzinja

Roster ya sabata ino inali yolemera ndithu. Lolemba ndinafika ku KIA ku Lumbadzi kudakali mdima, poti ndege isananyamuke pamakhala chintchito chomwe ma passenger sachiona, kuwerenga weather ndi ma NOTAM (zidziwitso za mmene mabwalo ndi njira za ndege zilili), kuwerengera mafuta ndi alternate (bwalo lina lokatera zikavuta), kenako kuzungulira ndege ndi tochi kuyang'ana matayala ndi ma injini. Ine monga first officer, wachiwiri kwa a captain, ndimakhala mpando wakumanja, a captain kumanzere, ndipo timasinthana, wina akamaulutsa wina amakhala pa wailesi.

Lachitatu ndiye linatitulutsa thukuta. Tinanyamuka ku OR Tambo ku Johannesburg masana kukutentha, ndipo bwalo lija lili pamwamba mafiti opitirira 5,500, mpweya umapepuka, ndiye ma figure a take-off timawabwereza tonse awiri mosathamanga. Tikuyandikira Chileka radar inangofiira, mitambo ya CB, ikuluikulu ya mabingu ija, itatsekeratu njira. Tinapempha hold, kudikira kaye mumlengalenga, tikuzungulira maso ali pa mafuta, mpaka a captain anati basi tiyeni ku Lilongwe. Anthu ena anakwiya zedi, ndimawamvetsa, wina anali ndi maliro ku Thyolo. Koma mu CB simulowedwa aise, muli matalala ndi mphepo yoti itha kukugwetsera pansi uli pafupi kutera, ine ndinagwirizana nawo a captain ndi mtima wonse.

Masiku otsalawo ndinali pa standby, foni pafupi, mowa ayi, ku ukwati wa msuweni wanga sindinapite. Ndinangokhalira mabuku chifukwa sim check yayandikira. Miyezi 6 iliyonse amatilowetsa mu simulator, injini kuzima pa V1 (liwiro lomwe ukalipitirira pa take-off sungathenso kuima), moto, ma hydraulic kufa, ukalephera amakuchotsa kaye pa roster. Medical ya Class 1, kuyezetsa thupi kwa ife mapayiloti, nayonso ndi chaka chilichonse, BP ikangokwera ntchito yaima.

Loweruka kunabwera mtsikana wa Form 4 ndi mayi ake, akufuna upayiloti. Zinandisangalatsa kwambiri koma sindinawabisire. CPL, layisensi youlutsira ndege pa ntchito yolipidwa, imafuna maola ouluka pafupifupi 200, ambiri timakaphunzira ku South Africa kapena ku Addis Ababa, fizi ndi ya ma rand kapena ma dollar, ndi vuto la forex lathuli mukudziwa kale. Ukamaliza ntchito siibwera pompo, pali type rating (maphunziro a mtundu wa ndege yomwe uziulutsa), ndipo layisensi yapamwamba ya ATPL yoti udzakhale captain imafuna maola 1,500. Mnzanga yemwe tinaphunzira limodzi ali ndi CPL koma akugwira mu ofesi, chaka chilichonse amasaka ndalama zoti ma rating ake asathe, zimandiwawa chifukwa amaulutsa bwino kwabasi.

Ndinawauza mayiwo kuti asanagulitse puloti, mwana ayambe wakayezetsa Class 1, maso, makutu ndi mtima, komanso alimbikire Maths, Physics ndi Chingelezi. Mtsikanayo analemba zonse mu kope lake ndipo wati adzandiimbira zotsatira za MSCE zikatuluka.