Nkhupakupa sizidziwa waya wa ku Liwonde

Ife a ku Zomba tikamakamba za paki ya Liwonde nkhani imangokhala njovu, mvuu za mu Shire ndi zipembere 17 zija anabwera nazo kuchokera ku South Africa mu 2019. Koma ine mtima wanga uli pa nkhupakupa. Chitengereni pakiyi a African Parks, bungwe loyendetsa mapaki a nyama zakutchire, mu 2015 waya wamagetsi wathandiza zedi, njovu sizikusakaza minda ngati kale, komatu nkhupakupa ilibe naye ntchito wayayo, imangomata pa kalulu kapena pa mtolo wa udzu basi yatuluka.

Njati zimasunga kachirombo ka Theileria parva m'magazi koma izo osadwala ayi. Nkhupakupa yabulauni ija yokonda m'makutu ikayamwa njati idakali yaing'ono n'kudzaluma ng'ombe itakula, mumangoona ng'ombe yatupa mwanabere kunsi kwa khutu, thupi moto, kupuma mobanika, thovu m'mphuno, zambiri sizidzukanso. Njiri nazo m'mauna mwake mumabisala nkhupakupa zofewa zosunga chigodola cha nkhumba, chija chimasesa khola lonse ndipo mankhwala ake kulibe.

Nchifukwa chake ntchito yowerenga nkhupakupa ndimailemekeza, ngakhale ena amaiona ngati yopanda pake. Ofufuza amamangirira nsalu yoyera ku ndodo n'kumaikoka pa udzu mtunda woyezeratu, kenako kuitembenuza n'kumatola kamodzikamodzi tomwe tamatapo, tina tochepa ngati mchenga mpaka maso kuwawa, kuponya m'kabotolo ka sipiliti, kulemba malo ndi tsiku. Nyama akaigoneka ndi jakisoni kuti aiveke kolala yothandiza kudziwa komwe ikuyenda, mpata womwewo amasuzumira m'makutu ndi kunsi kwa mchira, kutengako magazi kupita nawo ku labu. Kuchita kamodzi sikuthandiza, zimafunika mwezi ndi mwezi chaka chonse, mpamene umadziwa mtundu womwe ukuchuluka komanso mbali iti ya paki.

Chomwe ndikufuna ine zotsatira zoterezi zisamathere m'mafayilo mu ofesi. Zizifika kwa alangizi a ziweto a ku Machinga, Balaka, ngakhale kwathu kuno ku Domasi ndi Malosa, poti ziweto timagulana m'misika tsiku ndi tsiku. Madibi ambiri anafa kalekale, aliyense amangopopera yekha akapeza kandalama, ndiye munthu woweta auzidwe mvula ya Disembala isanagwe, chifukwa nkhupakupa zikuluzikulu zimabuka udzu ukangobiriwira.