Magalaja a mabasi ku London omwe kale munkagona ma tramu

Anzanga amene mumakwera 36 pa New Cross Gate popita ku shifiti, dziwani kuti basi imeneyo imagona m'chinyumba chomwe sanamangire mabasi ayi. Galaja ya New Cross ija anaitsegula mu 1906 ndipo munkagona ma tramu, tisitima tamagetsi toyenda pa njanji zoyala mumsewu mwenimweni momwe mukudutsanso magalimoto ndi anthu. Eni ake nthawi imeneyo anali London County Council, khonsolo ya London. Amati ndi imodzi mwa magalaja aakulu zedi mu London muno, mutha kulowa mabasi opitirira 300, koma ukamadutsa pa New Cross Road sungadziwe chifukwa chinabisala kuseri kwa nyumba zina, umangoona polowera pokha ndi mabasi ofiira akusuzumira.

Ma tramu akalewo anawathetsa pang'onopang'ono, kenako pakati pa 1950 ndi 1952 anamalizitsa otsalawo, ntchito yake anaitcha Operation Tramaway. Tramu yomaliza inanyamuka usiku wa pa 5 July 1952 n'kukalowa mu New Cross momwemo pa 6 July kusanache, anthu ali yakaliyakali mumsewu, ena ankaika ndalama zachitsulo pa njanji kuti tramu izipsinje azisunga ngati chikumbutso. Ma tramu ambiri anakawaphwanya n'kuwatentha ku Charlton, pa Penhall Road. Nyumba zake zina ndiye sanazitaye.

Apa ndi pomwe pamanditengera mtima ineyo, chifukwa tramu ndi basi ndi zinthu ziwiri zosiyana kagonedwe. Tramu ilibe kutsogolo kapena kumbuyo, ikafika pothera dalaiva amangopita mbali inayo n'kuyamba kubwerera, ndiye omanga aja sanavutike kusiya malo otembenukira. Mkatimo munali njanji zondandana m'mizere, pansi pake maenje ataliatali oti amakaniko azilowamo kukaona kunsi, ndipo m'magalaja ambiri a khonsoloyo munalinso chinsanja choyenda cham'mbali, traverser, tramu imakwerapo n'kuisunthira pa mzere womwe akufuna. Ndiye mubwere ndi basi yomwe imafuna kukhota, kubwerera m'mbuyo, kumwa dizilo, kutulutsa utsi m'nyumba yomwe kale munalibe utsi. Anachita kukwirira maenje ena, kuthira simenti pansi kuti pakhale see, kuika matanki a mafuta ndi pochapira, ndipo pomwe pali zipilala dalaiva aziona yekha mmene adutsire osakanda galasi. Zili ngati kulowa nyumba ya lendi yomwe mwini wake anamanga poganizira katundu wake, sofa yako umachita kuilowetsa chopendeka koma umakhalamo ndithu.

Chinawathandiza n'chakuti ma tramu a ku London anali osanjikiza, ndiye denga linali kale lalitali, basi yosanjikiza inangolowa osawerama. Koma kwa ine chachikulu ndi malo. Magalajawa anawamanga m'mbali mwa misewu yomwe ma tramu ankayenda, ndipo mabasi atabwera anatenga misewu yomweyo, ndiye basi ikatuluka m'mamawa siyenda mtunda wautali ili yopanda anthu, imangoti tulukiru yayamba kale kunyamula. Tangoganizani lero, mmene malo anadulira mu London muno, kulikonse akumanga ma flat, munthu apite ku khonsolo akati ndikufuna malo oimikapo mabasi mazanamazana pafupi ndi pakati pa tauni, angamuseke.

Mukafuna kuona kusiyana kwake pitani ku Stockwell. Galaja ya kumeneko anaitsegula mu 1952, yomangira mabasi enieni olowa m'malo mwa ma tramu, denga lake ndi la konkire lopindika ngati uta, pakati palibe chipilala olo chimodzi, mabasi 200 amatha kukwanamo. Ndi yokongola, sindikana, anthu okonda zomangamanga amapita kukajambula. Koma ine zakale zokonzedwazi ndi zomwe zimandikoka, mwina chifukwa ukayang'anitsitsa umaona zipsera. Pa Brixton Hill pali kanyumba ka ma tramu komwe khonsolo inamanga m'ma 1920, kanakhala zaka zambiri kakugwira ntchito zina kenako mabasi anabwera kudzagonamo, ndipo njanji zikadaonekabe pansi mkatimo, matayala amangoponda pamwamba pake tsiku ndi tsiku. Palibe anavutika kuzizula.

Magalaja ena anadutsa kaye pa trolleybus, basi ya matayala koma yokoka magetsi pa mawaya apamwamba ndi timitengo tiwiri. Ku Fulwell, komwe kunali galaja ya ma tramu a London United Tramways, ndi komwe ma trolleybus oyamba a London anayambira mu 1931, ndipo yomaliza inakalowanso komweko usiku wa pa 8 May 1962. Mpaka lero mukugona mabasi. Ku Bow nakonso chimodzimodzi, tramu, trolleybus, kenako dizilo.

Ya Holloway ndiye imandiseketsa. Anaitsegula mu 1907 ya ma tramu a magetsi, munalowa ma trolleybus a magetsi, kenako akuluakulu anati mawaya ndi chikale tiyeni dizilo, anachotsa zonse. Pofika 2019 basi nambala 43, ija imachoka ku Friern Barnet kupita ku London Bridge, anaipatsa mabasi osanjikiza oyendera batire, ndipo amagona ku Holloway komweko, ndiye kuti anachita kukokanso magetsi amphamvu kulowetsa m'nyumba yomwe agogo awo anaichotsa magetsi oyendetsera. Ndipo si nkhani yongopachika soketi pakhoma ayi. Basi ya dizilo imamwa mafuta mphindi zochepa n'kukaima paliponse pomwe pali mpata, pomwe ya batire imafuna kuima pambali pa tchaja yake maola angapo usiku, ndiye basi iliyonse iyenera kukhala ndi pogona pake podziwika, m'mizere, pafupifupi mmene ma tramu aja ankagonera. Ma tchajawo nawonso amadya malo m'nyumba yothina kale.

Ma tramu enieni anabwereranso ku London mu 2000, cha ku Croydon uko. Amenewo anachita kuwamangira pogona patsopano ku Therapia Lane, chifukwa njanji zatsopanozi sizidutsa ku magalaja akale aja, komanso olo zikanadutsa, mabasi anakhazikikamo kale ndipo sindikuona akusamuka.